Nthano za sayansi m'dziko la malupanga ndi mliri: muyambe ndi buku liti?

Pali mtundu wina wa nthano za sayansi umene umayang'ana kumbuyo. Umakutengani n'kukakuponyani m'mudzi wamatope ku Ulaya wa zaka za m'ma 1300, kumene belu la tchalitchi ndilo limauza anthu nthawi, kumene munthu wodziwa kuwerenga m'mudzi wonse mwina ndi wansembe yekha, kumene chotupa cha m'khwapa chimatanthauza kuti manda akumbidwe. Kenaka wolemba amalowetsamo mlendo. Nthawi zina mlendoyo ndi wophunzira wa m'tsogolo amene wabwera pa makina obwezera munthu ku zaka zakale, nthawi zina ndi cholengedwa chochokera ku nyenyezi zakutali. Nkhani yonse imagona pa kukumana kwa mlendoyo ndi eni mudzi.

Mabuku otere alipo ambiri ndipo owerenga sagwirizana pa limene limaposa anzake. Buku limene wina amati linamuliza misozi, mnzake amati analisiya lisanafike pakati. Ndatengapo asanu amene amatchulidwa kawirikawiri, onse opezeka m'Chingerezi: Doomsday Book la Connie Willis, Eifelheim la Michael Flynn, Hard to Be a God la abale awiri Arkady ndi Boris Strugatsky, The High Crusade la Poul Anderson, ndi Timeline la Michael Crichton. Sizingatheke kuwayerekeza popanda kuululako zina za m'kati, koma mathero ndawasiya kuti mukadzionere nokha.

Muyeso wanga ndi umodzi. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo m'mabuku onsewa mlendo amabweradi nako: mankhwala, masamu, zida, kudziwa zimene zichitike mawa. Chimene ndimayang'ana ndi mmene wolemba amawaonera eni mudziwo. Kodi amawapatsa nzeru zawozawo, zoti mlendo angaphunzirepo kanthu, kapena wangowaimika poteropo kuti mlendo aoneke wanzeru? Mikangano yambiri ya owerenga, mukaifukula, imafika pa funso limeneli, ndi pa funso lina laling'ono loti munthu ali ndi mtima wodikira wochuluka bwanji.

Limene anthu amakanganirana kwambiri ndi Doomsday Book. Linatuluka mu 1992 ndipo linapata mphoto ziwiri zikuluzikulu za nthano za sayansi, Nebula komanso Hugo ya 1993, imene linagawana ndi buku la Vernor Vinge. M'chaka cha 2054 akatswiri a mbiri yakale pa yunivesite ya Oxford ali ndi makina otumizira anthu ku zaka zakale kuti akaone ndi maso awo. Mtsikana wophunzira, Kivrin Engle, akuumirira kupita ku 1320. Mphunzitsi wake, bambo Dunworthy, akumuletsa, koma akuluakulu ena amulola. Waphunzira Chilatini ndi Chingerezi chakale, wabayidwa katemera, ndipo m'manja mwake mwabisidwa kachipangizo kojambula mawu kamene kamayamba ntchito akaphatikiza manja ngati akupemphera, kuti aliyense womuona aziti akupemphera basi. Zonse zakonzedwa bwino, komabe wafika mu 1348, chaka chimene mliri wa makoswe unalowa mu England kudzera pa doko la Melcombe ku Dorset. Pakati pa 1347 ndi 1351 mliriwu unapha anthu oyambira gawo limodzi mwa magawo atatu mpaka theka la anthu onse a ku Ulaya.

Theka lina la bukuli lili ku Oxford ya 2054, kumene kwabuka fuluwenza yoopsa pa nyengo ya Khirisimasi, mzinda watsekedwa, ndipo katswiri wa makina amene akanadziwa kumene Kivrin wagwera ali chikomokere m'chipatala. Apa ndi pamene owerenga amagawikana. Odandaula amati masamba mazana angapo amathera pa bambo Dunworthy akuimba foni imene siyankhidwa, akusakasaka mkulu wa sukulu amene wapita kukawedza nsomba ku Scotland, akuthawa mayi wovuta, akumva madandaulo a oimba mabelu ochokera ku America amene atsekerezedwa mumzindamo. Amafunsanso kuti zitheka bwanji kuti anthu a 2054 akhale ndi makina opitira ku 1348 koma alibe foni ya m'manja. Owerenga ena a ku Britain amati Oxford ya Willis ndi Oxford yoonedwa ndi maso a munthu wa ku America. Zonsezi n'zoona, ndipo buku la masamba pafupifupi 600 likadatha kuchepetsedwa ndithu. Koma amene analiwerenga pa nthawi ya COVID-19 anadabwa kuona kuti zina zimene kale zinkaoneka ngati zongoseketsa, monga kusowa kwa mapepala a kuchimbudzi ndi anthu okana kutsekeredwa m'mzinda, zinachitikadi.

Okonda bukuli sakana zolakwikazo. Amangoti mudikire mufike gawo lomaliza. Ine ndili kumbali yawo, ndipo chifukwa changa ndi bambo Roche, wansembe wa m'mudzimo. Ndi munthu wosaphunzira, wa manja okhakhala, amene Chilatini cha Misa anangochiloweza pamtima, ndipo mayi wamkulu wa panyumba ya eni mudzi, Imeyne, amamunyoza kuti sayenera tchalitchi chawo. Mliri utafika, akuluakulu a tchalitchi amene anabwera kudzadya Khirisimasi athawa n'kusiya wodwala wawo m'nyumbamo. Roche satha kufotokoza chimene chimayambitsa matendawa. Kivrin amatha: amadziwa za makoswe, za nthata, za tizilombo, ndiponso amadziwa kuti mankhwala ake adzapezeka patapita zaka pafupifupi 600. Kudziwa konseko sikuchiza ndi mmodzi yemwe. Chotsala ndi kusambitsa odwala, kuwamwetsa madzi, kukumba manda m'nthaka youma ndi chisanu, ndi kuimba belu kuti wakufayo asapite ngati chiweto. Pa ntchito imeneyo mphunzitsi ndi Roche. Aliyense amene anakhalapo gadiyani m'chipatala, usiku wonse pambali pa bedi la munthu amene madokotala amutaya kale, adzawazindikira masamba amenewa.

Willis anatsegula bukuli ndi mawu a munthu weniweni, John Clyn, mmonke wa ku Kilkenny ku Ireland, amene polemba za mliriwu mu 1349 ananena kuti akusiya zikopa zolembapo zopanda kanthu kuti ngati pali wina wa mtundu wa Adamu amene adzapulumuke adzapitirize ntchitoyo. Zolemba zake zinatha posakhalitsa. Ana awiri a m'bukuli, Agnes wamng'ono wolongolola ndi mkulu wake Rosemund wa zaka 12 amene akukonzekera kukwatiwa ndi bambo wamkulu, analembedwa kuti anthu a m'kaundula wa akufa akhale ndi nkhope. Masamba ochedwa aja ali ndi ntchito yake: mumakhala ndi anthu amenewa nthawi yaitali mpaka muwazolowere, ndipo n'chifukwa chake zotsatirazo zimapweteka.

Eifelheim, la 2006, lili m'zaka zomwezo, 1348 ndi 1349, koma ku Germany, m'mudzi wa Oberhochwald m'nkhalango ya Black Forest. Linakula kuchokera ku nkhani yaifupi imene Flynn anasindikiza mu 1986, ndipo linali m'gulu la mabuku opikisana pa Hugo ya 2007. Kuno alendo si anthu. Ndi zolengedwa zotchedwa Krenken, zazitali, zooneka ngati ziwala zikuluzikulu, zimene chombo chawo chawonongeka n'kugwera m'nkhalango pafupi ndi mudzi. Amene akumana nazo ndi wansembe, bambo Dietrich, munthu amene anaphunzira ku Paris pansi pa Jean Buridan. Buridan ndi munthu weniweni wa m'mbiri, amene anaphunzitsa kuti chinthu choponyedwa chimapitirira kuuluka chifukwa cha mphamvu imene woponyayo wachipatsa, maganizo amene anakonza njira ya sayansi ya zaka za pambuyo pake. William wa ku Ockham, katswiri wina wa filosofi wa nthawiyo, nayenso amatulukira m'nkhaniyi.

Chimene chimandikoka m'bukuli ndi mmene Dietrich amaganizira. Akaona chinthu chachilendo sathawa ndipo sagwada. Amafunsa mafunso mwadongosolo monga anaphunzitsidwira kusukulu: chinthuchi ndi chiyani, chapangidwa ndi chiyani, chinachipanga ndani, n'cha ntchito yanji. Funso lalikulu kwa iye ndi loti kaya zolengedwazi zili ndi mzimu. Akaona kuti zimaganiza, zimalankhula, zimasankha chabwino ndi choipa, amafika poti ndi anansi ake, ndipo lamulo lokonda mnansi likuzikhudza. Mudzi ugawikana. Ena akuti ndi ziwanda. Mmonke Joachim, wa chipani cha Francisco Woyera, akunenetsa kuti ndi ziwandadi, koma chifukwa cha chimenecho akuti ziyenera kudyetsedwa ndi kulalikidwa, ndipo mapeto ake iye ndi mmodzi mwa ozitumikira kwambiri. Palinso kusamvana kumene kumasweka nako mtima: a Krenken akamva za Ambuye amene anachokera kumwamba, anabwerera kumwamba ndipo adzabweranso, akuganiza kuti ndi woyenda m'mlengalenga mnzawo amene angawathandize kukonza chombo. Pamene akudikira, matupi awo akufooka chifukwa chakudya cha padziko lino chikusowa kanthu kena kamene iwo amafunika. Mmodzi wa iwo, Hans, apempha ubatizo. Kenaka mliri ufika m'mudzimo, ndipo funso loti mnansi ndani litembenuka.

Odandaula za Eifelheim ali ndi mfundo zitatu, ndipo ziwiri ndikuzivomera. Yoyamba ndi ya zigawo za masiku ano, mmene katswiri wa mbiri Tom akufufuza chifukwa chimene mudzi umenewu sunamangidwenso utatha mliri, pamene mnzake Sharon akulimbana ndi masamu a mlengalenga. Awiriwa amangokhalira kukangana, Tom amasakaniza zilankhulo polankhula mpaka kutopetsa, ndipo owerenga ambiri amafulumira kuti abwerere kwa Dietrich. Mwayi wake zigawozi n'zazifupi. Yachiwiri ndi yoti bukuli ndi lolemera: mayina a Chijeremani, mawu a Chilatini, malamulo a minda ndi misonkho, ndale za mafumu ndi apapa, zonse zimakugwerani m'masamba oyambirira. Amene Chingerezi amachiwerenga pang'onopang'ono adzavutika nalo kuposa ena onse anayi.

Mfundo yachitatu ndi yoti Flynn wawakometsera anthu a m'ma 1300, kuti Dietrich ndi wanzeru mopitirira, amagwira msanga zinthu za magetsi ndi za mlengalenga, ndipo bukuli likufuna kuyeretsa mbiri ya Tchalitchi cha Katolika. Pamenepa sindigwirizana nawo kwenikweni. N'zoona kuti pena Dietrich amalasa pa yankho mofulumira kwambiri. Koma bukuli silibisa zoipa za nthawiyo: muli magulu a anthu odzikwapula poyera kuti Mulungu achotse mliri, muli kuphedwa kwa Ayuda amene ankanamiziridwa kuti athira poizoni m'zitsime, monga zinachitikiradi ku Strasbourg mu February 1349, ndipo Dietrich mwini ali ndi magazi a kale amene akuthawa. Flynn akungokana bodza lofala loti anthu a zaka zimenezo sankaganiza. Anali ndi mayunivesite ku Paris, Oxford ndi Bologna, anali ndi mawotchi oyendera zitsulo, magalasi a maso, ndi mphero zoyendera madzi. Munthu wophunzira wa nthawiyo ankadziwa kuti dziko ndi lozungulira. Wolemba amene akukumbutsa zimenezi sakunama.

Mukawaika pamodzi awiriwa, mupeza kuti onse aika wansembe wa kumudzi pakati pa nkhani ndipo onse athera m'mliri umodzi womwewo. Roche ali ndi mtima wopanda maphunziro, Dietrich ali ndi zonse ziwiri koma amakayika. Willis amakufikitsani pafupi ndi anthu ake mpaka mumve fungo la m'chipinda cha wodwala, koma dziko lake la 1348 ndi laling'ono, nyumba imodzi ndi tchalitchi chimodzi, ndipo pena amabwereza zimene aliyense amaganiza kale za nthawiyo, za uve ndi umbuli. Flynn amakupatsani dziko lonse, ndi malamulo ake, nyimbo zake, maphunziro ake, koma amaima patali pang'ono ndi anthu ake. Owerenga amene amafuna kugwidwa mtima amasankha Willis. Amene amafuna kutseka buku ali ndi maganizo atsopano amasankha Flynn. Mutandikakamiza kusunga limodzi, ndisunga Eifelheim, chifukwa mmenemo mwini mudzi ndiye akuyang'ana mlendo. M'mabuku a Willis, Crichton ndi a Strugatsky ife owerenga timalowa m'mudzi titabisala kumbuyo kwa munthu wonga ife. Mwa Flynn timakhala m'mutu wa munthu wa 1348, ndipo chodabwitsa ndi mlendoyo.

Hard to Be a God ndi la mtundu wina, ndipo ndi limene muyeso wanga umalephera kuligwira bwino. Linalembedwa m'Chirasha n'kutuluka mu 1964 ku Soviet Union. Nkhani yake sili ku Ulaya. Ili pa dziko lina la m'mlengalenga kumene kuli anthu onga ife, koma akadali m'nyengo ya mafumu, malupanga ndi ndende zozunzira anthu. Anton, wochokera ku dziko lathu la m'tsogolo, amakhala mu ufumu wa Arkanar akudzitcha Don Rumata, mfulu yolemera. Ntchito yake ndi kuonerera ndi kutumiza malipoti. Ali ndi mphamvu zoti akhoza kugwetsa ufumu wonse, koma lamulo limamuletsa kupha kapena kusintha mbiri ndi dzanja lake. Pamenepo nduna ya mfumu, Don Reba, yayamba kusaka aliyense wodziwa kulemba ndi kuwerenga: alakatuli, asing'anga, olemba mbiri. Asilikali ake ovala zotuwa amawakoka m'nyumba usiku. Rumata amangotha kuzembetsa mmodzimmodzi kudutsa malire.

Boris Strugatsky anafotokoza pambuyo pake kuti poyamba ankafuna kulemba nkhani yopepuka ya malupanga, koma zinthu zinasintha mtsogoleri wa Soviet Union, Nikita Khrushchev, atakalipira ojambula zithunzi pa chionetsero cha ku Manege ku Moscow mu December 1962, boma n'kuyambanso kufinya olemba. Ananenanso kuti dzina la nduna ija poyamba linali Rebia, zilembo za dzina la Beria, mkulu wa apolisi achinsinsi a Stalin, ndipo analisintha atalangizidwa kuti likuonekera kwambiri. Choncho Arkanar ndi galasi. Aliyense amene anakhalapo m'dziko limene ndakatulo imatha kumangitsa munthu safunika kumufotokozera zimene bukuli likunena.

Pali kukambirana kumodzi kumene pafupifupi aliyense wokonda bukuli amakutchula. Rumata afunsa dokotala Budakh, amene Rumatayo wangomupulumutsa, kuti akanati alangize Mulungu akanapempha chiyani. Budakh apempha chakudya cha aliyense, Rumata ayankha kuti amphamvu adzalanda. Apempha kuti ankhanza alangidwe, Rumata ati malo awo adzatengedwa ndi ankhanza ena ochokera mwa ofooka. Pempho lililonse lili ndi yankho lake, mpaka Budakh atopa n'kunena kuti ndiye Mulungu angowasiya ayende njira yawo. Rumata ayankha kuti chifundo sichimulola. Masamba ochepawo ndi amene amachititsa kuti anthu aziliwerengabe bukuli patapita zaka zoposa 60.

Odandaula amati zokamba zazitali zimaimitsa nkhani, kuti Kira, mkazi amene Rumata amamukonda, analembedwa mopyapyala kuti angokhala chifukwa cha mkwiyo wa mwamuna, ndi kuti anthu wamba a ku Arkanar amaoneka ngati khamu lauve ndi lamantha. Dandaulo lomalizali ndi lenileni. Rumata amanyansidwa ndi anthu amene anabwera kudzawathandiza. Koma olembawo akudziwa zimenezo ndipo akumuonetsa akuola m'kati pang'onopang'ono, munthu wabwino amene kuonerera nkhanza tsiku ndi tsiku kukumusandutsa chimene amadana nacho. Ngati munaonapo filimu ya Aleksei German ya 2013, yosakhala ya kalakala, ya maola pafupifupi atatu a matope ndi zonyansa, musaganize kuti bukuli ndi lotero. Bukuli ndi lalifupi, limathamanga, ndipo pena limaseketsa.

The High Crusade, la 1960, ndi la tsiku limene mtima sukufuna maliro. M'chaka cha 1345, Sir Roger de Tourneville akusonkhanitsa ankhondo m'mudzi wa Ansby ku Lincolnshire kuti akathandize mfumu Edward III pa nkhondo ya ku France. Chombo chachikulu chitera, mutuluka zolengedwa za khungu labuluu zotchedwa Wersgorix, zozolowera kuopseza eni dziko ndi kuwombera kamodzi. Angelezi ayankha ndi mivi, alowa m'chombomo ndi nkhwangwa, achilanda. Sir Roger akweza mudzi wonse, akazi, ana, ng'ombe ndi nkhumba, poganiza kuti chombocho chiwafikitsa ku France, kenaka ku Yerusalemu. Mkaidi wawo Branithar awapusitsa n'kuwatengera ku nyenyezi zina. Nkhaniyi imasimbidwa ndi mmonke Parvus, ndipo kukoma kwake kwagona pa mawu ake odekha pofotokoza zinthu zosatheka.

Anderson amawalemekeza anthu ake m'njira yakeyake. Akuti mtundu umene wazolowera kumenya nkhondo ndi mabatani waiwala kumenyana maso ndi maso, ndipo mfumu yaing'ono imene yakulira m'mapangano, ziwembu ndi maukwati a ndale ikhoza kuchenjerera ufumu wa nyenyezi. Ambiri amalikonda chifukwa ndi lalifupi, losafika masamba 200, ndi losangalatsa. Ena amati n'zosakhulupirika, ndipo ena sakondwa kuona kulanda maiko a eni kukusimbidwa ngati masewera. Dandaulo limenelo ndimalimva, ngakhale kuti olandidwawo ndi amene anayamba kubwera kudzalanda. Linapikisana pa Hugo ya 1961 n'kugonja kwa A Canticle for Leibowitz la Walter M. Miller, limenenso ndi la amonke osunga mabuku, koma m'nyengo ya mdima yobwera pambuyo pa nkhondo ya mabomba a nyukiliya.

Timeline, la 1999, ndi limene mungalipeze mosavuta, chifukwa mabuku a Crichton anasindikizidwa ambirimbiri. Ofukula zakale m'chigwa cha Dordogne ku France apeza uthenga wopempha thandizo wolembedwa ndi mphunzitsi wawo, koma pa chikopa cha 1357. Kampani imene imalipira ntchito yawo ili ndi makina, ndipo ophunzira atatu atumizidwa kukamutenga pakati pa nkhondo ya England ndi France, ali ndi maola 37 okha. Kuyambira pamenepo ndi liwiro lokhalokha: kuthawa, kugwidwa, kulasana pa mahatchi, moto, kuthawanso. Chingerezi chake n'chosavuta ndipo mitu yake ndi yaifupi. Amene amalikonda amati silikulola kugona. Amene salikonda amati anthu ake alibe m'kati, ndipo sayansi yake imadzitsutsa, chifukwa bukuli limanenetsa kuti apaulendowo akupita ku chilengedwe china, osati ku zaka zathu zakale, komabe uthenga uja wapezeka m'nthaka yathu. Crichton anafufuza ndithu, mpaka anaika mndandanda wa mabuku a mbiri kumapeto, ndipo akunena poyera kuti nyengoyo sinali ya umbuli. Koma anthu a 1357 amene timakumana nawo ambiri ndi ongofuna kudula mutu wa wina. Pa muyeso wanga ili ndi lomaliza. Wokondedwa wa owerenga ambiri ndi André Marek, mmodzi mwa apaulendowo, amene wakhala moyo wake wonse akuphunzira lupanga ndi zilankhulo zakale, ndipo iye yekha ndiye amaoneka kuti wafika kwawo.

Tsono muyambe ndi liti? Ngati simunawerengepo nthano ya sayansi yaitali m'Chingerezi, kapena mukugulira mwana wa sekondale, yambani ndi Timeline kapena The High Crusade, kuti muone ngati dziko la malupangali likukukomerani. Ngati mumatha kudikira ndipo simuopa kulira, tengani Doomsday Book, ndipo mukafika pa mafoni osayankhidwa aja musalisiye. Amene wangotaya m'bale posachedwa alisunge kaye. Ngati zimene zimakudyani mutu ndi za ulamuliro, za amene ali ndi mphamvu yothandiza koma aima n'kumaonerera, lanu ndi Hard to Be a God, ndipo ndi labwino kuwerenga pagulu chifukwa palibe awiri amene amagwirizana ngati Rumata anachita bwino kudikira. Eifelheim mulifikire mutawerengako limodzi mwa enawa, muli ndi nthawi, ndipo musadandaule ngati mayina a m'masamba 50 oyambirira akukusokonezani, chifukwa amadzakhazikika okha. Amene anaphunzirako zaumulungu kapena filosofi adzalimva kukoma kuposa wina aliyense.

Amene alibe ndalama ya buku pakali pano akhoza kuyamba ndi kholo la mabuku onsewa, A Connecticut Yankee in King Arthur's Court la Mark Twain, la 1889, limene limapezeka kwaulere pa intaneti, pa tsamba la Project Gutenberg. Mmenemo mlendo amabwera ndi mfuti, matelefoni ndi manyuzipepala, ali wotsimikiza kuti eni dziko ndi ana, ndipo Twain samulola kuthera pabwino. Pogula Hard to Be a God yang'anani dzina la womasulira. Kumasulira kwa 1973 kunadzera m'Chijeremani, pamene kwa Olena Bormashenko kwa 2014 kunachokera ku Chirasha mwachindunji ndipo kuli ndi mawu a Boris Strugatsky kumapeto ofotokoza mmene bukuli linalembedwera. Tengani kwa 2014.